Pikapu ya makilomita atatu: zomwe botolo la oyilo wakale linaulula

Galimoto iyi inalowa pa galaja panga kumayambiriro kwa Ogasiti, mwera ukadali kuwomba ndipo fumbi lili tolotolo m'misewu ya pa boma. Ndi Hilux ya dizilo ya 2.5, ya common rail (injini yomwe kompyuta ndiyo imayendetsa kapoperedwe ka dizilo), yomwe inali itayenda makilomita 212,000. Eni ake ndi madala ena omwe ali ndi shopu ya zipangizo zomangira nyumba kuno ku Mangochi. Sanabwere ndi dandaulo la injini ayi. Ankafuna tiwaonere mabuleki akumbuyo omwe ankalira. Koma poti boneti inali yotsegula, anandikodola ndi dzanja monyadira.

"Amisiri, tabwerani muone. Chaka chikutha ichi, sindinawonjezeremo ngakhale kadontho. Galimoto iyi sidya oyilo."

Ndinasolola dipstick, kachitsulo koonera mlingo wa oyilo, n'kupukuta, n'kubwezera, n'kusololanso. Oyilo anali atadutsa chizindikiro chapamwamba ndi pafupifupi theka la sentimita. Nditamutikita pakati pa zala anali wopepuka, woterera ngati madzi a sopo, ndipo fungo la dizilo linamveka ndisanafikitse n'komwe chala pamphuno. Injini sibereka oyilo. Akamachuluka yekha ndiye kuti mukulowa china, madzi kapena dizilo.

Kayendedwe ka galimotoyi

Kapepala ka sevisi komata pa chitseko kankasonyeza kuti oyilo anathiridwa mu Seputembala chaka chathacho, wa mtundu wa 15W-40, ndipo kuchokera pamenepo galimoto inali itayenda makilomita 3,400 okha. Madala ankadikira kuti akwane 5,000 monga anawauzira yemwe anawachitira sevisi. Sankazemba ndalama, ankangotsatira nambala yomwe inalembedwa.

Titakhala pa benchi ndinawafunsa za tsiku lawo. Nyumba yawo ili kutsidya kwa Shire, ndipo kuchoka pakhomo, kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi mpaka pa shopu ndi makilomita atatu. Amapita m'mawa, masana amabwerera kukadya nsima, amapitanso, madzulo n'kuweruka. Maulendo anayi pa tsiku, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Katundu wa shopu amabwera ndi malole a ogulitsa, choncho pikapuyi sinyamula kanthu kupatula matumba awiri atatu a simenti mwa apo ndi apo. Ndipo m'mawa uliwonse mnyamata wa pakhomo amaliza injini n'kuisiya ikulira kwa mphindi 15, madala akumwa tiyi, ati kuti itenthe.

Ndinawerengera pa katoni ya fyuluta. M'miyezi 11 injiniyi inalizidwa kopitirira ka 1,100. Kulira kwa m'mawa kokhako, galimoto ili chiimire, kunakwana pafupifupi maola 70. Ulendo wa makilomita atatu pakati pa akabaza ndi anthu opita ku msika umatenga mphindi khumi, choncho pamsewu panapita maola ena pafupifupi 190. Pamodzi ndi maola 260. Galimoto yoyenda pa msewu wa M3 kupita ku Liwonde pa liwiro la makilomita 60 pa ola, m'maola amenewo ikanakhala itadula makilomita opitirira 15,000. Geji ya mtunda sinawerenge zonsezi chifukwa imangoona matayala akazungulira.

Kutenga sampulo

Ndisanatchule za labotale ndinachita zomwe timachita ndi manja. Ndinadonthetsa oyilo pa pepala loyera lokhuthala n'kulisiya pa shelufu. Kutacha, pakati panali pakuda bii, ndipo kunja kwake kunazungulira mkombero wotuwa, wonyowa, womwe unkaonekera bwino ukaloza pepalalo ku dzuwa. Ameneyo ndi dizilo, amathamanga m'pepala kuposa oyilo. Dontho lina ndinaliponya pa chitsulo chotentha. Likanakhala ndi madzi ambiri likanathetheka ngati usipa wolowa m'mafuta. Linangoti tsi-i pang'ono n'kuyamba kufuka.

Pepala limakuuza kuti dizilo alimo, koma silikuuza kuchuluka kwake, ndipo silinena kanthu za zitsulo zomwe zikudyeka. Madala anali ndi maganizo ogulitsa galimotoyi kapena kuisunga zaka zina zisanu, ndiye ankafuna kudziwa ngati mkati muli bwino. Apa m'pamene ndinawauza zoyezetsa oyilo. Kuno ku Mangochi kunalibe koyezera zotere. Ndinadzera kwa mnzanga wa ku Blantyre yemwe amakonza makina a kampani zomanga misewu, iwowa amatumiza masampulo kawirikawiri, ndipo anandipatsa mabotolo awiri osatsegula ndi kapampu kokokera.

Katengedwe kake nkofunika kuposa momwe anthu amaganizira. Tinayendetsa galimoto mpaka ku Namiyasi n'kubwerera kuti oyilo atenthe ndi kusakanikirana. Titangozimitsa, ndinalowetsa kapaipi katsopano pa bowo la dipstick, kutalika kwake kofanana ndi dipstick yomwe kuti kasakafike pansi pomwe pamakhala matope, n'kukoka pafupifupi mamililita 100. Mnyamata wanga wophunzira ntchito anali atakonzeka kale ndi botolo la madzi akumwa lodula pakamwa kuti atunge mu beseni lomwe timakhuthuliramo oyilo wa galimoto zonse. Mukatero mwayezetsa beseni, osati injini. Pa fomu tinalemba mtundu wa oyilo, makilomita a galimoto, makilomita a oyiloyo, miyezi yomwe wakhalamo, komanso kuti sanawonjezeredwe. Popanda zimenezi woyeza amangokupatsani manambala opanda mutu.

Tsiku lomwelo tinakhuthula oyilo wakaleyo n'kuthira watsopano ndi fyuluta yake. Panalibe chifukwa chomusiyira m'menemo podikira pepala.

Zotsatira zoyamba

Zinabwera pa foni patatha masabata awiri ndi masiku angapo. Madala anali atandiimbira kale kawiri. Ndinawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, iwo n'kuyankha kuti nkhono silipiritsa.

Dizilo mu oyilo anali 6 peresenti. Injiniyi imalowa oyilo pafupifupi malita 7, ndiye kuti mu sump, mosungira oyilo pansi pa injini, munali dizilo woyandikira theka la lita, zomwe zinagwirizana ndi zomwe dipstick inasonyeza. Ma labotale amasiyana poika malire, koma ambiri akaona dizilo wafika pa 5 peresenti amalemba kuti chitanipo kanthu msanga.

Kulimba kwa oyilo, komwe amati viscosity, amakuyeza oyiloyo ali pa madigiri 100. Oyilo aliyense wolembedwa 40 kumapeto, monga 15W-40, ayenera kukhala pakati pa 12.5 ndi 16.3 cSt (muyeso wa kulimbako), ndipo watsopano nthawi zambiri amakhala cha m'ma 14. Wa madala anali pa 10.9. Anagula oyilo wa 40 koma injini inkayendera wa 30. Ndipo nambala imeneyi inabisa zina. Mwaye unali pa 1.8 peresenti, ndipo mwaye umalimbitsa oyilo pomwe dizilo amamupeputsa. Ziwirizi zimakokana. Ndaonapo pepala lomwe viscosity yake inali yooneka bwinobwino pomwe oyilo anali atatheratu, chifukwa mwaye ndi dizilo zinali zitalepherana. N'chifukwa chake sindiwerenga mzere umodzi pawokha.

TBN, yomwe imasonyeza mphamvu yotsala mu oyilo yolimbana ndi asidi, inali pa 5.5 kuchoka cha m'ma 10 pomwe oyilo wotereyu amayambira. Yatsika kwambiri pa makilomita 3,400, koma inali isanathe. Madzi anali ochepa zedi, 0.1 peresenti, a nthunzi chabe. Sodiyamu ndi potaziyamu zinali pansi, ndipo izi zinandimasula mtima chifukwa zikakwera pamodzi zimaloza ku madzi a mu radiyeta, kutanthauza gasiketi kapena oil cooler, kachipangizo koziziritsa oyilo.

Kenaka zitsulo, zomwe amaziwerenga mu ppm, magawo pa miliyoni. Chitsulo cha ayironi 88. Kromiyamu 4. Aluminiyamu 11. Kopa 9. Mtovu 6. Silikoni 34.

Ayironi amachokera m'makoma a masilinda, ku camshaft ndi ku crankshaft. Kromiyamu ndi wa maringi a pisitoni. Kopa ndi mtovu ndi za mabering'i. Pa injini yokalamba 88 sioopsa payokha, koma pa mtunda waufupi chotere ndi yambiri: pafupifupi 26 pa makilomita 1,000 aliwonse. Mabering'i anali asanayambe kulira, maringi ndi masilinda ndiwo ankadyana. Koma nambala yomwe sindinaiyembekezere inali ya silikoni. Ndibwerera kwa iyo.

Pomwe ndinayamba kusochera

Makaniko aliyense akamva kuti dizilo ali mu oyilo, maganizo amathamangira ku ma injector, tizipangizo topopera dizilo m'masilinda. Inenso ndinatero. Ndinali nditayamba kale kufunsa mitengo ku Blantyre, ndipo ma injector anayi a common rail si ndalama yoti munthu n'kuitchula uku akumwetulira. Chinandilimbitsa maganizo n'choti nthawi yomwe mafuta ankasowa pa mafilingi, madala anagulapo dizilo wa m'zigubu kangapo, ndipo wa m'zigubu sudziwa chomwe wasakanizidwa nacho.

Mwamwayi ndinayamba ndayeza. Pa kompyuta yoyezera, manambala omwe injini imakonzera mafuta a silinda iliyonse anali oyandikana, palibe yomwe inapatuka. Dizilo wobwerera kuchokera ku ma injector tinamutchera m'mabotolo anayi ndipo anadzaza mofanana. Utsi woyera kunalibe, kugogoda kunalibe. Panatsala pampu ya dizilo, yomwe siilo yake ikatha imatha kudonthezera mafuta mkati mwa injini. Imeneyi inadziyankha yokha. Sabata yotsatira madala anapita ku maliro ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 400 kupita ndi kubwera. Ndinalemba chizindikiro pa dipstick asananyamuke, pamalo athyathyathya omwewo, injini itazizira. Atabwera oyilo anali pomwepo. Siilo yodontha sisankha ulendo, ikanawonjezera pa maola onsewo.

Chomwe chinandibweza pa njira ndi nambala ina pa kompyuta yomweyo yomwe poyamba ndinangoidumpha. Madala atafika kuchokera kunyumba, kutentha kwa madzi a injini kunali pa madigiri 54. Ndinatenga galimoto n'kulowera msewu wa ku Monkey Bay mpaka ku Makawa, ndipo sinapyole 68. Injini imeneyi iyenera kugwira ntchito madzi ali pamwamba pa 80.

Titamasula chivundikiro cha thermostat, kavavu kowongolera kutentha kwa madzi a injini, tinapeza mulibe kanthu. Mphako yokhayokha.

Madala anakumbukira. Zaka zitatu zapitazo, mu Okutobala, galimoto inawira pokwera mapiri opita ku Namwera. Yemwe anawathandiza panjira anachotsa thermostat n'kuiponya kutchire, ati zimenezo ndi za kumayiko ozizira, kuno ku Mangochi dzuwa ndi lokwanira. Chiyambire pamenepo muvi wa geji sunafikenso pakati, ndipo iwo ankaona ngati ndi umboni woti galimoto yachira.

Chizolowezi ichi chili ponseponse m'magalaja athu ndipo ndimakangana nacho pafupifupi mwezi uliwonse. Inde kuno kumatentha, mu Novembala munthu umasowa pokhala. Koma kutentha komwe kumatilefula ife, madigiri 35 kapena 38, kwa injini ndi chisanu. Thermostat imatseka njira ya ku radiyeta mpaka madzi atafika cha pa 82, kuti injini itenthe msanga. Mukaichotsa, madzi amayamba kuzungulira mu radiyeta kuyambira sekondi yoyamba. Injini ya dizilo payokha imachedwa kale kutentha, makamaka ikamangolira osakoka kanthu, chifukwa imawotcha mafuta ochepa kwambiri mu mpweya wambiri. Ndiye tangoganizani yopanda thermostat, m'mawa wa mu Julayi, pa ulendo wa mphindi khumi.

Zomwe zimachitika mkatimo n'zosavuta kumva. Dizilo akapoperedwa mu silinda yozizira sapsa yense. Wina amakakamira pa khoma, n'kutsuka kaoyilo kopyapyala komwe kamateteza khomalo, ndipo maringi akamatsika amamukokolera mu sump. Pisitoni yozizira imakhala isanafufume kufika pa msinkhu wake, choncho mpata umakhala waukulu ndipo utsi ndi mwaye zimadutsa mosavuta. Kompyuta ya injini nayo ikaona madzi ozizira imasintha kapoperedwe ka mafuta poganiza kuti galimoto yangolizidwa kumene. Ya madala inakhala ikuganiza choncho kwa zaka zitatu. Kuwira kwa ku Namwera kuja, titayang'ana bwino, kunachokera ku radiyeta yomwe inali itatsekeka ndi mchere wa madzi a pa mjigo.

Ndinene pang'ono za magalimoto atsopano omwe akubwera kuchokera ku Ulaya ndi ku Japan okhala ndi DPF, kasefa ka mwaye ka mu ekizozi. Ambiri mwa amenewo amapopera dala dizilo wowonjezera kuti awotche mwaye mu kasefako, ndipo ulendo ukafupika ntchitoyo imadukizidwa n'kuyambiranso mawa. Pa maulendo a makilomita atatu oyilo wawo amadzaza dizilo ngakhale thermostat ili bwinobwino. Ya madala ilibe DPF, choncho iyi sinali nkhani yathu.

Silikoni uja

Silikoni mu oyilo ali ndi magwero atatu omwe ndimawadziwa. Pang'ono amabwera ndi oyilo watsopano ngati mankhwala oletsa thovu. Wina amachokera ku silikoni womatira magasiketi ngati injini yatsegulidwa posachedwa. Wachitatu ndi fumbi. Fumbi limadziwika chifukwa silibwera lokha: dothi lili ndi aluminiyamu, ndiye ziwirizi zimakwera limodzi, silikoni kuposa mnzake pafupifupi katatu, ndipo ayironi ndi kromiyamu zimatsatira pambuyo chifukwa mchenga ukupala maringi. Pepala lathu linali ndi chithunzi chimenechi ndendende, 34 ndi 11, pa injini yomwe sinatsegulidwe.

Fyuluta ya mpweya poiyang'ana inali yoyera, yoyera mokayikitsa. Anyamata otsuka magalimoto ankaipopera mpweya wa kompresa nthawi iliyonse. Nditaiunika ndi tochi mkati, kuwala kunatulukira pa timabowo titatu m'makwinya a pepala. Kachitsulo kamodzi kotsekera bokosi la fyuluta kanali kothyoka, pamalo pake atamangapo lamba wa chubu. Ndinamasula paipi yochoka pa bokosi kupita ku turbo n'kupisamo chala. Chinatuluka ndi fumbi lofiirira, losalala ngati ufa wa mgaiwa wosefa. Mbali imeneyo ya paipi iyenera kukhala yoti ukapukuta ndi nsalu yoyera, nsaluyo ituluke yoyera.

Ndinawaitana madala kuti apisemo chala chawo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuchipukutira pa thalauza.

"Ndiye galimoto yanga imadya dothi, amisiri?"

Apa m'pomwe ndalama ya sampulo inabwerera. Dizilo ndinamununkhiza ndekha, thermostat ndikanaipeza tsiku lina. Koma fumbi silinunkha, silikweza oyilo pa dipstick, ndipo fyuluta inkaoneka yatsopano. Bwenzi titalidziwa injini itayamba kufuka utsi wabuluu.

Zomwe tinachita

Thermostat yatsopano ya madigiri oyenera. Radiyeta inatsukidwa n'kuthiridwa coolant m'malo mwa madzi a pa mjigo. Fyuluta ya mpweya yatsopano, kachitsulo ka bokosi, ndi lamulo loti kompresa isayandikirenso pamenepo. EGR, vavu yobwezera utsi wina mu injini, tinaichotsa n'kuipala, inali itamatirira mwaye wonyowa ngati phula. Oyilo yemwe tinathira mu Ogasiti tinamukhuthulanso kumayambiriro kwa Seputembala ngakhale anali atangoyenda pang'ono, chifukwa anagwira ntchito fumbi likulowabe, ndipo pokhuthula pamatsalira ndithu wakale m'tinjira ta injini.

Titatha izi ndinabwereza ulendo wa ku Makawa. Madzi anafika pa 83 ndisanadutse kwa Mponda ndipo anakhazikika pomwepo.

Chovuta chinali kusintha anthu. Ndinawapempha kuti zoliza injini mphindi 15 zithe: alize, adikire theka la mphindi kuti oyilo azungulire, anyamuke pang'onopang'ono. Injini ya dizilo imatenthedwa ndi ntchito. Ndinawapemphanso kuti kamodzi pa sabata galimoto iziyenda ulendo wa mphindi 40 kapena kuposa, ndipo poti ali ndi abale ku Malindi izi sizinavute. Koma ndinawachenjeza kuti asayembekezere zambiri pa ulendo umenewu. Umauma madzi a nthunzi ndi kuchotsa mbali yopepuka ya dizilo basi. Dizilo amawira kuyambira cha pa madigiri 180 mpaka kupyola 350, pomwe oyilo mu sump amakhala cha m'ma 90 kapena 100. Gawo lalikulu likalowa lalowa, limatuluka ndi sipanala. Choncho pa kapepala ka pa chitseko sindinalembe makilomita okha. Ndinalemba tsiku, miyezi inayi kutsogolo, n'kulizungulira ndi cholembera chofiira.

Sampulo yachiwiri

Tinaitenga mu Januwale, oyilo atakhalamo miyezi inayi ndi makilomita 1,900. Dizilo anatsika kufika pa 2.2 peresenti, viscosity 13.1, mwaye 0.6, TBN 8.3. Silikoni 11, aluminiyamu 3, kromiyamu 1. Ayironi 24, kapena kuti pafupifupi 13 pa makilomita 1,000, theka la poyamba paja.

Madala anasangalala kuposa ine. Ine ndinali ndi zifukwa ziwiri zodziletsa. Choyamba, oyilo woyamba uja anadutsa mu Juni ndi Julayi, pomwe wachiwiriyu anagwira ntchito m'miyezi yotentha kwambiri, kenaka mvula inagwetsa fumbi. Nyengo inatithandiza, ndipo sindingathe kugawa kuti gawo la thermostat ndi ili, la dzuwa ndi ili. Chachiwiri ndi mtovu, womwe unali pa 5. Nambalayo ndi yaing'ono, koma pa mtunda wofupika chotere ndinkayembekeza 2 kapena 3. Mwina ndi zotsalira za kale, mwina mabering'i anakandika nthawi yomwe ankayendera oyilo wopepuka uja. Ndinayeza mphamvu ya oyilo ndi geji ya pamanja injini itatentha ndipo inali bwino. Ndinadulanso fyuluta ya oyilo n'kutambasula pepala lake pa dzuwa, chifukwa makina a ku labotale omwe amawerenga ppm amaona tizidutswa tating'onoting'ono tokha, zikuluzikulu zimawadutsa. Munalibe chonyezimira.

Anzanga ena andifunsa ngati tsopano galimoto iliyonse ndiziitumizira sampulo. Ayi. Kuyeza kamodzi pamodzi ndi kutumiza kunadya ndalama yoyandikira ya oyilo ndi fyuluta, ndipo kwa munthu woyenda pafupi yemwe galimoto yake ilibe chizindikiro chilichonse, ndalamayo ndi bwino agulire oyilo n'kusintha msanga. Ndimatumiza oyilo akamakwera yekha, madzi a mu radiyeta akamasowa osaoneka podontha, kapena munthu akafuna kugula galimoto yodula yomwe mbiri yake saidziwa.

Pa kapepala ka madala tsopano palembedwa Meyi. Oyilo yemwe tidzathire pamenepo ndiye adzadutse m'chisanu ndi mwera, ndipo sampulo yake ndidzaitenga mu Seputembala, makamaka kuti ndione dizilo ndi mtovu. Mnyamata wa pakhomo uja anandinong'oneza kuti m'mawa injini ikulirabe madala akumwa tiyi, kungoti tsopano ndi mphindi zisanu.